Ndithandizeni kupeza mafilimu a Ray Ventura

Abale anga, ndikusakasaka mafilimu a Ray Ventura, mtsogoleri wa bandi ya jazz uja wa ku France, amene anabadwira ku Paris mu 1908 n'kumwalira mu 1979. Nyimbo za bandi yake ya Collégiens zikupezeka pa YouTube, koma mafilimu ndiye ndasowa pogwira. Ndikufunitsitsa Nous irons à Monte-Carlo, filimu ija munali katswiri wa zisudzo Audrey Hepburn asanatchuke. Inajambulidwanso m'Chingerezi. Alipo akudziwa koipeza? Chifalansa changa n'chopereweradi.

Chinanso: nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itavuta, Ventura, pokhala Myuda, anapita ku South America ndi bandi yake, woimba Henri Salvador ali momwemo. Atabwerako, chinamukokera kwambiri ku zopanga mafilimu n'chiyani? Ndalama, kapena mabandi akuluakulu anali atayamba kutha fasho?