N'chifukwa chiyani mphamvu yokoka sinabweze chilengedwe pachiyambi pomwe?

Nthanda:
Akuluakulu, ndithandizeni. Akuti zaka 13.8 biliyoni zapitazo zinthu zonse zinali zothithikana koopsa. Poti zinthu zikathithikana chonchi zimasanduka black hole (malo okoka kwambiri moti ngakhale kuwala sikutulukamo), zinatheka bwanji kuti chilengedwe chifutukuke? Kapena mphamvu yokoka inali isanayambe kugwira ntchito?

Mlalang'amba:
Inalipo achimwene, ndipo inkakoka zolimba. Pamene pasokonekera ndi pa black hole'po. Masamu a Karl Schwarzschild a mu 1916 amanena za chinthu cholemera chimene chili pamalo amodzi, kunja kwake kulibe kanthu. Chilengedwe choyambirira chinalibe pakati, chinalibenso kunja. Paliponse panali pothithikana mofanana, ndiye zinthu zikanagwera mbali iti?

Masamu oyenera apa ndi a Alexander Friedmann a mu 1922, amene amapikisanitsa zinthu ziwiri: liwiro la kufutukuka ndi kuthithikana kwa zinthu. Mukaponya mwala m'mwamba, dziko limaukoka kungochoka m'dzanja, koma utakhala ndi liwiro loposa makilomita 11.2 pa sekondi sungabwerenso. Mphamvu yokoka inkangochepetsa liwiro la kufutukuka, sinathe kukuimitsa. Lero malire a kuthithikana, pamene kukoka ndi kufutukuka zimafanana mphamvu, ndi kulemera kofanana ndi maatomu pafupifupi 5 a haidrojeni pa kyubiki mita iliyonse, ndipo zoyeza zikuonetsa kuti chilengedwe chili pamalire pomwepo.

Kadamsana:
Ndiwonjezere umboni woti kukokako kunalipodi. Patatha sekondi imodzi, panali nyutroni imodzi pa mapulotoni 6 alionse (tizidutswa timene timapanga phata la atomu). Nyutroni ikakhala payokha sikhalitsa, theka la izo limasweka pa mphindi 10 zokha. Pofika mphindi zitatu kunazizira mokwanira kuti manyutroni ndi mapulotoni agwirane, chiwerengero chili pa 1 kwa 7, ndipo pafupifupi manyutroni onse analowa mu hiliyamu. Mukawerengera, hiliyamu amakwana 25 peresenti ya kulemera, ndipo ndi zomwe zimapezekadi mu mpweya wakale kwambiri wa mlengalenga. Kufutukuka kukanathamanga kuposa apo, manyutroni ambiri akanapulumuka, hiliyamu n'kuchuluka.

China chimene ambiri amaphonya: kuwala nakonso kumakoka. Zaka 50,000 zoyambirira kuwala ndiko kunkalamulira, ndipo nthawi ikachuluka kanayi, mtunda wa pakati pa zinthu unkangowirikiza kawiri. Kukoka kunapambana m'malo ena okha. Kuwala kumene kunamasuka patatha zaka 380,000 kumaonetsa kusiyana kwa gawo limodzi pa 100,000, ndipo timalo tothithikana pang'onoto ndi timene tinadzakhala milalang'amba.

Nthanda:
Zikomo akulu, zamveka. Koma mwalawo anauponya ndani?

Mlalang'amba:
Masamu a Friedmann sayankha zimenezo, amayamba mwala uli kale m'mwamba. Yankho lotchuka ndi inflation (kufutukuka kothamanga koopsa pachiyambi penipeni), imene Alan Guth anafalitsa mu 1981. M'masamu a Einstein, si kulemera kokha kumene kumakoka, mphamvu yopanikiza nayo imawerengedwa, ndipo ikakhala yotsutsa kwambiri, kukoka kumasanduka kukankha. Kwa kanthawi kochepetsetsa mtunda unakula kuwirikiza mwina 1 wotsatana ndi maziro 26.

Musaitenge ngati nkhani yotha ayi. Mu March 2014 gulu la BICEP2, loyezera ku South Pole, linalengeza kuti lapeza chizindikiro chake m'kuwala kwakale kuja. Atafananitsa ndi zoyeza za satelayiti ya Planck, mu 2015 zinapezeka kuti chizindikirocho chinali fumbi la mu mlalang'amba wathu womwe uno.