Nkhope ya malemu akhansala yatuwa, chiliza chayandikira

Chikondi, Limbe: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Banja lina landipatsa ntchito yojambula malemu bambo awo, omwe anali khansala komanso mwini chigayo ndi magolosale. Ndajambula ndi penti wa oil pakanvasi, kuchokera pa kachithunzi ka pasipoti. Nkhope yafanana ndithu, mayi amasiye atabwera kudzaona anangogwira pakamwa. Koma penti atauma, pamasaya ndi pansi pa chibwano patuwa ngati munthu wosadzola. Jekete yakudayo ikumatabe, ndi mvulayi. Akuchifuna pa mwambo wovundukula chiliza, kwatsala masabata awiri. Ndipake vanishi kuti chiwale?

A Phiri, Zomba: Vanishi ayi, achimwene. Oil amauma pamwamba pokha, mkati amafuna miyezi 6 kapena kuposa. Mukamutsekera lero vanishiyo alowerera mu penti, ndipo wodzachotsa mtsogolo adzachotsera limodzi nkhope. Pakhungupo munasakaniza chiyani?

Chikondi: Burnt umber (wabulauni woderako) wambiri, burnt sienna (wabulauni wofiirira), ndi ultramarine (wabuluu) pang'ono m'mithunzi. Ndimasungunula ndi turpentine.

A Phiri: Ndi pamenepo. Umber ndiye khalidwe lake, makamaka mukamuthira turpentine wambiri. Mafuta alowa pansi, pamwamba patsala utoto wouma. Chithunzicho sichinaonongeke. Sakanizani linseed oil (mafuta amene amakhala mu penti wa oil) ndi white spirit (wosungunulira penti) theka ndi theka, mupake pang'ono ndi kansalu kosathothoka pamalo otuwawo, ngati pauma osamata chala. Pakapita mphindi zochepa pukutani ndi nsalu ina mpaka pasatsale chonyezimira chamadzimadzi.

Mayi Nabanda, Lilongwe: A Phiri, zoona, koma njira imeneyo ndimaikonda ngati ndikupakanso penti pamwamba. Linseed wongosiyidwa pamwamba amachita chikasu pakapita zaka, ndipo chithunzi chotere chidzapachikidwa pabalaza mpaka zidzukulu. Ngati nkhope mwamaliza, gulani retouch varnish. Ndi wopyapyala, penti amapitiriza kuuma pansi pake. Kamodzi kokha, mopepuka. Za jekete, ndikukhulupirira munapaka penti wakuda uja wa ivory black?

Chikondi: Eya mayi, wochokera mu chubu.

Mayi Nabanda: Ameneyo ndi waulesi pouma. Ulendo wina pangani wakuda wanu ndi umber ndi ultramarine zomwe muli nazo kalezo, amauma msanga ndipo suti imaoneka yamoyo. Pakali pano chiikeni m'chipinda chowala, chopita mphepo. Osati padzuwa, osatinso pafupi ndi mbaula. Oil amauma ndi mpweya.

A Phiri: Ndavomera, ngati sakukhudzanso nkhope atenge retouch. Koma jekete ikamamatabe aisiye osapaka kanthu. Ndipo wa mafelemu mumuuze galasi lisagunde penti, pamwambo anthu amakonda kuloza ndi zala.

Chikondi: Zikomo akuluakulu. Kolala ndikufuna kuikonzabe, ndiye pamenepo nditsata za a Phiri, kwinako retouch Lachisanu la sabata yamawa. Mwana wawo woyamba ndamuuza kale kuti adzachibweze mu Ogasiti ndidzapake vanishi weniweni, ndipo mtengo wake uli momwemo.