Mayeso onse akudutsa, koma kasitomala akuona 500

Tadala: Akuluakulu, ndithandizeni. App yathu ya Rails 7.1 (chida chopangira ma app a pa intaneti) yandisowetsa mtendere kuyambira dzulo. Munthu akafufuza oda yomwe kulibe, pa production (seva yomwe makasitomala amagwiritsa ntchito) akulandira 500, uthenga woti china chasweka pa seva, m'malo mwa 404, woti chinthucho kulibe, chonsecho mayeso onse akudutsa bwinobwino. Ndikadali mu ofesi kuno ku Braamfontein mu Johannesburg, abwana akufuna yankho mawa m'mawa.

Mphatso: Achemwali, mayesowo ndi a controller kapena a request?

Tadala: A controller, achimwene.

Mphatso: Yambirani pomwepo. Amenewo amalunjika pa action (code yoyankha pempho la kasitomala) osadutsa mu middleware (magawo omwe pempho limadutsamo lisanafike pa action), ndiye zomwe ShowExceptions, middleware yosandutsa vuto kukhala tsamba la 404 kapena 500, imachita pa production simungazione. Lembani a request, omwe amadutsa mu middleware.

Yamikani: Ndiwonjezerepo. Mu test.rb, fayilo ya config ya mayeso, consider_all_requests_local imakhala true, choncho mumalandira tsamba lofotokoza vuto mwatsatanetsatane, osati lomwe kasitomala amaona. Ndipo kusintha config mayeso ali mkati sikuthandiza, chifukwa Rails imaiwerenga kamodzi n'kuisunga mu env_config. Sinthani mu Rails.application.env_config momwemo: action_dispatch.show_exceptions ikhale :all, action_dispatch.show_detailed_exceptions ikhale false. Mukamaliza mubwezeretse, apo ayi mayeso ena asokonekera. Ine zimenezi zinandidyera Loweruka lathunthu.

Tadala: Ndachita zonsezo. Mu mayeso ikubwerabe 404, koma pa seva 500 yomwe ija.

Yamikani: Ndiye pali code yomwe mayeso sakuifikira n'komwe. Muli ndi rescue_from, code yogwira vuto likachitika, mu ApplicationController?

Tadala: Alipo awiri. Wa RecordNotFound, vuto loti chinthu sichinapezeke, ali pamwamba. Pansi pali wa StandardError, kholo la mavuto ambiri, koma ali mkati mwa if Rails.env.production?

Yamikani: Vuto ndi limenelo, achemwali. Rails imafufuza ma rescue_from kuyambira pansi kukwera m'mwamba, n'kutenga woyamba kugwirizana ndi vutolo. RecordNotFound ndi mwana wa StandardError, ndiye wapansiyo akumeza zonse. Mu mayeso kulibe chifukwa cha if uja. Ine if wotero sindimufuna m'pang'ono pomwe: code yomwe imadzuka pa production pokha, woyamba kuiyesa amakhala kasitomala.

Mphatso: Chotsani kaye if yekhayo, muone mayeso akugwa musanakonze china chilichonse.

Tadala: Agwa! 500 yeniyeni ija yatuluka pa laputopu panga. Ndakweza StandardError pamwamba, tsopano 404 yabwerera. Zikomo kwambiri achimwene nonse awiri.

Yamikani: Muonenso kuti rescue_from wa StandardError akulemba vutolo mu log, chifukwa akaligwira mwakachetechete simudzadziwa chomwe chasweka.

Tadala: Sakulemba. Ndikonza panopa, deploy (kutumiza code ku seva) ndipanga mawa, ndithamangire taxi ku siteji ya Bree kusanade kwambiri.