Yamaha 15 ikuzima ndikangowonjezera moto, ndigule kabureta?

Mwini boti, Senga Bay:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi injini ya Yamaha Enduro ya 15 pa boti la chilimira. Kuliza sikuvuta, ndipo pagombe imalira bwinobwino. Koma tikangolowa pakati n'kuwonjezera moto, imathamanga pang'ono kenaka n'kuyamba kutsamwa, mphamvu n'kutha, n'kuzima. Tikadikira kanthawi imaliranso, n'kubwereza zomwezo. Mapulagi ndasintha onse awiri, palibe chasintha. Oilo ndimathira theka la lita mu malita 25 a petulo. Alovi anga akuti wina akamafinya kapampu ka papaipi ya petulo kaja injini imatsitsimuka, moti usiku wathawu mnyamata wina anangokhala pathanki n'kumafinya mpaka kugombe. Ndi mwera wayambawu sindingawatumize panyanja chonchi. Wina akuti ndigule kabureta yatsopano. Ndiguledi?

Makaniko, Monkey Bay:
Bambo, ndalama ya kabureta isungeni kaye. Yankho alovi anu akupatsani kale. Ngati kufinya kukuidzutsa, ndiye kuti kabureta ikadya imagwira ntchito, kungoti mafuta sakufika okwanira. Jeti, kabowo kodutsira petulo mu kabureta, ikanakhala yotsekeka, mnyamatayo akanafinya mpaka dzanja kutupa popanda chosintha.

Ikayamba kutsamwa, yang'anani kapampuko. Kakakhala kataphwa n'kumatirira, injini ikukoka koma thanki sikutulutsa. Yambani ndi kasikuluwu ka mpweya kali pachivindikiro cha thanki. Anyamata amakamanga ponyamula thanki kuti petulo asatayike, kapena kamatsekeka ndi mchenga. Masulani chivindikiro chonse pang'ono injini ikulira. Ikachira, vuto ndi lomwelo. Ikapanda kuchira, tulutsani kapaipi kolowa m'thanki muone kasefa kake.

Koma kapampu kakakhala kofewa, kosalimba ngakhale mufinye motani, penapake pakulowa mpweya. Kawirikawiri ndi pamene paipi imalumikizana ndi injini, kalabala ka mkati kakatha, kapena paipi yang'ambika pafupi ndi kilampu. Petulo sangadonthe n'komwe poti pamenepo injini imakoka, sikankha. Ikani kachidutswa ka paipi yoonekera mkati pafupi ndi injini. Mukaona thovu likudutsa, mwapeza. Muonenso muvi wa pakapampu, uziloza ku injini.

Zonsezi zikakhala bwino, chatsala ndi pampu ya mafuta ya pa injini. Mkati mwake muli kachikopa kalabala kopyapyala kamene kamagwedezeka ndi mpweya wa mu injini momwemo. Kakauma kapena kuboola, kamakwanitsa kudyetsa injini pamoto wochepa, koma pamoto wambiri kamalephera. Ine ndikukayikira kameneka.

Msodzi, Nkhotakota:
Achimwene, petuloyo mumagula kuti? Ife kuno akasowa pa filling station timagula wa m'zigubu, ndipo zimene zimatuluka m'zigubumo mungadabwe. Thirani pang'ono m'botolo loyera la galasi, muliimike pamthunzi. Madzi amakhala pansi paokha, mzere wake umaoneka. Petulo wathu kuno ku Malawi amasakaniza ndi ethanol wa kunzimbe, ndipo ethanol amakoka chinyezi, ndiye thanki yogona panyanja usiku uliwonse sichedwa kukhala ndi madzi. Ethanol yemweyo amadyanso mapaipi akale, mkati mwake mumasenda tizidutswa takuda. Masulani kakapu ka sefa ka pa injini muone pansi pake. Ine ndimasefa ndi nsalu yoyera pothira, alovi amandiseka kuti ndikuchedwetsa ulendo usipa ukudikira, koma asekeni.

Makaniko, Monkey Bay:
Za madzi akunenazi n'zoona, sefa aitsukedi. Koma madzi sachira ndi kufinya, amangophulitsaphulitsa injini nthawi iliyonse mafunde akagwedeza thanki. Chimene ndikuopa ine ndi ichi: injini zimenezi oilo wake amayendera m'petulo momwemo. Mafuta akamafika ochepa, oilonso akufika wochepa, ndipo mukamaikakamiza pamoto wonse pisitoni imatentha n'kukanda silinda. Pamenepo ndiye mudzalira ndalama zenizeni. Musaiyendetsenso mofinya.

Mwini boti, Senga Bay:
Zikomo nonse. Kapampu sikakuphwa, kakulimba bwinobwino, thovunso palibe. Mu kakapu ka sefa munalidi timadzi ndi zinyalala zakuda, ndatsuka. Ndamasula pampu ija, kachikopa kauma gwa, ndipo nditakayang'anitsa padzuwa pali kabowo kakang'ono m'mphepete. Pulagi imodzi imatulukanso yonyowa, kodi n'chifukwa chomwecho? Nanga ndingamate kapena kudula labala ya chubu?

Makaniko, Monkey Bay:
Eya, petulo akudutsa pakabowopo n'kulowa mu injini, n'chifukwa chake pulagi imodziyo ikunyowa. Za chubu iwalani, petulo amaitupitsa tsiku lomwelo. Gulani kachikopa kake kenikeni pamodzi ndi magasiketi, amagulitsa m'paketi imodzi. Popita kusitolo tengani chakalecho ndi nambala ya injini, ili pachitsulo chomangirira injini ku boti. Musanachotse zotsalazo jambulani pafoni mmene zasanjikirana, chifukwa mukatembenuza chimodzi pampu sikoka. Zinyalala zakudazo zikuchokera m'paipi, ndiye nayonso isintheni. Mukamanga, masulani kasikuluwu ka pansi pa kabureta madzi otsala atuluke, kenaka muiyese pafupi ndi gombe pamoto wonse, boti lili ndi anthu ndi ukonde womwe.