Kodi wapolisi angaseche aliyense pa msika pofuna zida?

Abale odziwa malamulo, tithandizeni pa nkhani ya chipikisheni cha zida pa malo a anthu ambiri kuno ku Mchinji, monga pa msika wa Kamwendo kapena mumsewu wa M12.

Gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 limateteza munthu kuti asamasechedwe mwachisawawa, ndipo lamulo lina limati mkazi ayenera kusechedwa ndi mkazi mnzake basi. Komabe kuyenda ndi chida pagulu popanda chifukwa chomveka ndi mlandu.

Povuta ndi apa. Chikwanje, nkhwangwa ndi chisenga ndi zipangizo za mlimi. Munthu akuchokera kudimba, kapena wagula chikwanje chatsopano pa msika pomwepo, angaonetse bwanji kuti chifukwa chake ndi chomveka? Kuchikulunga m'thumba n'kuchimangirira pa njinga kukukwanira, kapena kumaoneka ngati akubisa?

Nanga popanda kalata ya kukhoti, wapolisi ayenera kukayikira munthu mmodziyo pa zifukwa zooneka, kapena angatsitse onse m'minibasi n'kuwapisa m'matumba? Akalanda chipangizo, mwini wake alembetse kuti, ndipo amapatsidwa pepala lanji loti akachitengere?

Komanso a chitetezo cha m'mudzi ali ndi mphamvu yosecha munthu paokha, wapolisi palibe?