Mayina aamuna ndi aakazi m'Chifalansa: mwana angawadziwe bwanji?

Nachisale, Luchenza

Akuluakulu, ndikupempha thandizo. Mwana wanga wayamba kuphunzira Chifalansa kusekondale, ndipo chimene chikumuzunguza mutu n'chakuti dzina lililonse limakhala lachimuna kapena lachikazi, ngakhale chinthucho chilibe moyo. Akuti tiyi ndi le thé (le amasonyeza dzina lachimuna), pamene nthochi ndi la banane (la amasonyeza dzina lachikazi). Kodi pali lamulo limene angatsatire, kapena ayenera kuloweza dzina lililonse palokha?

Mphunzitsi wopuma ntchito, Chitakale

Mayi, mumuuze mwanayo kuti asamafunefune umuna mu tiyi kapena ukazi mu nthochi, chifukwa zimenezi ndi magulu a mayina chabe, monga mmene ifeyo timanenera kuti tiyi wabwino, nthochi yabwino, chimanga chabwino, popanda kufunsa chifukwa chake. Chilatini, kumene Chifalansa chinachokera, chinali ndi magulu atatu, koma lachitatulo linatha ndipo mayina ake ambiri analowa m'gulu lachimuna.

Chimene chimathandiza kwambiri ndi mathero a dzina. Mayina othera ndi -tion, -sion, -ette ndi -ure, monga la plantation ndi la culture, nthawi zambiri amakhala achikazi. Othera ndi -ment, -isme, -eau ndi -age, monga le gouvernement ndi le village, amakhala achimuna, ngakhale pali ena ochepa osatsata njirayi amene ayenera kuwaloweza msanga: la page, la plage, l'image, l'eau ndi la peau. Nkhaniyi asaipeputse, chifukwa mfotokozi amatsata dzina. Tiyi wotentha ndi le thé chaud, koma madzi otentha ndi l'eau chaude. Nthawi zina tanthauzo lenilenilo limasintha: le livre ndi buku, la livre ndi paundi.

Ine ndinkawauza ana kuti dzina lililonse latsopano alilembe m'kope pamodzi ndi un (lachimuna) kapena une (lachikazi), osati le kapena la, popeza pa dzina loyamba ndi lembo la liwu le ndi la amasanduka l', ndiye gulu lake limabisika. Akalemba l'ananas sadzadziwa kanthu, koma akalemba un ananas adzakumbukira kuti chinanazi n'chachimuna.

Wamalonda wa ku Muloza

Aphunzitsi anena zoona, koma ndiwonjezere chenjezo kwa ife a m'malire amene tinazolowera Chipwitikizi cha ku Milange. Musaganize kuti magulu a zilankhulo ziwirizi amafanana nthawi zonse. Ulendo ndi a viagem m'Chipwitikizi, dzina lachikazi, koma m'Chifalansa ndi le voyage, lachimuna. Chimodzimodzinso mlatho: a ponte, koma le pont. Mayina a mayiko nawonso amafunika kusamala, pakuti othera ndi -e ambiri ndi achikazi, monga la Zambie ndi la Tanzanie, koma le Mozambique ndi lachimuna ngati le Malawi. N'chifukwa chake ponena kuti ku Zambia timati en Zambie, koma ku Mozambique timati au Mozambique.

Nachisale, Luchenza

Zikomo kwambiri nonse awiri. Nanga mayina a ntchito? Mwanayu akuti m'buku lake muli le ministre yekha, ndiye akufunsa kuti nduna yachikazi amaitchula bwanji.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Chitakale

Bukulo liyenera kuti ndi lakale, mayi. Bungwe loyang'anira Chifalansa la Académie française, limene linakhazikitsidwa mu 1635, linakana kwa zaka zambiri mayina achikazi a maudindo, koma mu February 2019 linawavomereza. Lero mwanayo akhoza kulemba la ministre mosaopa, koma pa mayina monga professeure (mphunzitsi wamkazi) ayambe wafunsa aphunzitsi ake kalembedwe kamene amalandira pamayeso.