Anthu otchuka a ku Belarus: ndani alowe pa mafunso, ndani atsale?

Aphunzitsi_Katoto:
Moni nonse. Tikukonza mpikisano wa mafunso wa ana a fomu 3 ndi fomu 4 kuno ku Mzuzu, ndipo gawo limodzi ndi la maiko a kum'mawa kwa Ulaya. Ife yatigwera Belarus. Tikufuna mafunso 15 okhudza anthu otchuka a dzikolo: olemba mabuku, asayansi, andale, ojambula ndi amasewera. Koma mndandanda uliwonse umene tikuupeza uli ndi anthu oti mabuku ena akuti ndi a ku Russia, ena a ku France, ena a ku Israel. Dzina limodzinso likulembedwa pawiri patatu. Tithandizeni: tisankhe ndani, ndipo mafunso tiwakonze bwanji kuti pa tsikulo tisakokanekokane ndi oweruza?

A Mhango a ku Luwinga:
Aphunzitsi, muzu wa vutoli ndi chaka cha 1991. Belarus idayamba kuima payokha chaka chimenecho, Soviet Union itagwa. Izi zisanachitike, malo omwewo adakhalapo pansi pa Grand Duchy of Lithuania, kenako ufumu wa Russia, ndipo chigawo cha kumadzulo chidali cha Poland pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu. Ndiye munthu angathe kubadwira mu mzinda umene lero uli ku Belarus koma osakhalapo nzika ya Belarus ngakhale tsiku limodzi.

Ana athu sizingawavute kumva mukawapatsa chitsanzo cha Clements Kadalie. Adabadwira cha ku Nkhata Bay kuno, koma dzina lake lidamveka ku South Africa komwe adayambitsa bungwe la ogwira ntchito mu 1919. Ndi wathu kapena wawo? Yankho limadalira mmene mwafunsira.

Choncho musafunse kuti "Kodi uje ndi wa dziko liti?" Funsani malo obadwira kapena ntchito imene adagwira. Marc Chagall, wojambula zithunzi uja, adabadwa mu 1887 m'dera la Vitebsk, koma zaka zambiri adakhala ku France ndipo adamwalirira komweko mu 1985. Zhores Alferov nayenso ndi wa ku Vitebsk, wobadwa mu 1930, koma ntchito yake yonse adagwirira ku Leningrad, komwe lero ndi St Petersburg. Adalandira mphoto ya Nobel ya physics mu 2000 chifukwa chopeza njira yosanjikiza timagawo topyapyala tamitundu yosiyana ta semiconductor (zinthu zimene amapangira tizipangizo tamagetsi), ndipo n'timeneti timagwiritsidwa ntchito mu laser ya makina oimbira CD ndi nthambo zotumiza uthenga ndi kuwala. Simon Kuznets, wa mphoto ya Nobel ya zachuma ya 1971, adabadwira ku Pinsk mu 1901 koma adali nzika ya America. Menachem Begin adabadwira ku Brest mu 1913 ndipo Shimon Peres ku Vishnyeva mu 1923, onse awiri n'kudzakhala nduna zazikulu za Israel. Onsewa alowe pa funso loti "adabadwira mu mzinda uti umene lero uli ku Belarus?", osati mwina.

Palinso mbali ina yotembenuka. Svetlana Alexievich, amene adalandira Nobel ya zolembalemba mu 2015, ndi nzika ya Belarus ndithu, koma adabadwira ku Ukraine mu 1948 ndipo amalemba m'Chirasha. Ales Bialiatski, wa Nobel ya mtendere ya 2022, adabadwira ku Karelia m'dziko la Russia. Awa musawafunse za kobadwira, mudzasokoneza ana pachabe.

NyaGondwe_Chibavi:
A Mhango afotokoza bwino. Ine ndiwonjezere za kalembedwe ka maina, poti n'kumene oweruza amagwa kwambiri. Belarus ili ndi zilankhulo ziwiri za boma, Chibelarusi ndi Chirasha, ndipo zonse zimalembedwa ndi zilembo za Cyrillic. Dzina likamasandutsidwa kuti lilembedwe ndi zilembo zathuzi, wina amatengera chilankhulo ichi, wina icho. Zili ngati momwe anzathu a ku Zambia amalembera Cinyanja ife tikulemba Chinyanja, kungoti uko kusiyana kwake n'kokulirapo.

Malamulo awiri okha akuthandizani. Loyamba: pamene Chirasha chili ndi g, Chibelarusi chimatchula h. N'chifukwa chake Grodno ndi Hrodna ndi mzinda umodzi, Gomel ndi Homiel chimodzimodzi, ndipo Gleb ndi Hleb ndi munthu yemweyo. Lachiwiri: o wosatsindikidwa potchula, Chibelarusi chimamulemba a. Lukashenko amasanduka Lukashenka, Sobolenko amasanduka Sabalenka. Svetlana ndi Sviatlana ndi dzina limodzinso.

Pa khadi lililonse la funso, pansi pa yankho lembanipo kalembedwe kachiwiriko, ndipo muuze oweruza mpikisano usanayambe kuti onse awiri ndi olondola. Wofunsa ayeseze kutchula mainawo dzulo lake, asadzachite chibwibwi pamaso pa ana. Ngati mayankho ndi olemba, musachotse malikisi chifukwa cha chilembo chimodzi.

Pa olemba mabuku musaiwale Francysk Skaryna wa ku Polotsk, amene adalandira digiri ya udokotala wa mankhwala ku Padua m'dziko la Italy. Apa pali msampha umene ndauona m'mindandanda yambiri: amati adasindikiza buku loyamba ku Belarus. Ayi. Buku la Masalimo adalisindikizira ku Prague mu 1517, ndipo pofika 1519 adali atatulutsa mabuku 23 a m'Baibulo komweko. Kenako adasamukira ku Vilnius, komwe lero ndi likulu la Lithuania. Funso labwino ndi loti "adasindikizira mu mzinda uti?" Alakatuli awiri, Yanka Kupala ndi Yakub Kolas, onse adabadwa mu 1882, ndipo maina onsewa ndi odzipatsa polemba. Mukawaika pa mafunso awiri otsatizana ana adzawasinthanitsa, ndiye sankhanipo mmodzi.

Chirwa_wa_Zolozolo:
Zamasewera ndiye zopepuka kwa anyamata athu, makamaka amene amasapota Arsenal. Alexander Hleb adasewera ku Arsenal kuyambira 2005 mpaka 2008, kenako adapita ku Barcelona. Funso limeneli liikeni poyambirira kuti ana amasuke. Lina lokoma: timu ya BATE Borisov idagonjetsa Bayern Munich 3-1 mu Champions League mu 2012, chonsecho Bayern yomweyo ndi imene idatenga chikho nyengo imeneyo.

Koma samalani ndi mbendera. Olga Korbut wa ku Grodno adapata mendulo zitatu zagolide pa gymnastics ku Munich mu 1972, akuimira Soviet Union. Vitaly Scherbo adapata zisanu ndi imodzi ku Barcelona mu 1992, koma nthawi imeneyo maiko ambiri amene adatuluka mu Soviet Union, kuphatikizapo Belarus, adapita ngati timu imodzi yotchedwa Unified Team. Ndiye mukafunsa kuti "ndani adapezera Belarus golide woyamba wa Olympics?", yankho si Korbut kapena Scherbo. Ndi Ekaterina Karsten, wopalasa bwato, ku Atlanta mu 1996, ndipo nthawi imeneyo ankadziwika ndi dzina loti Khodotovich.

Pa tenisi, Victoria Azarenka adawina Australian Open mu 2012 ndi 2013, Aryna Sabalenka adawina womwewo mu 2023 ndi 2024. Sabalenka akadasewerabe, choncho osafunsa kuti wawina zikho zingati, nambalayo itha kusintha musanafike pa tsiku. Tchulani chaka. Darya Domracheva adapata golide katatu ku Sochi mu 2014 pa biathlon, masewera otsetsereka pa chipale chofewa uku ukuima n'kuwombera chandamale ndi mfuti. Kuzizira kwa Mzuzu mu June sikufika pamenepo, ndiye wofunsa ayambe wafotokoza masewerawo.

A Mhango a ku Luwinga:
Ndinasiya andale. Pulezidenti woyamba wa Belarus ndi Alexander Lukashenko, kuyambira 1994, chifukwa udindowo udakhazikitsidwa chaka chomwecho. Amene adatsogolera dziko kuchokera mu 1991 ndi Stanislav Shushkevich, katswiri wa physics, ndipo udindo wake udali wapampando wa nyumba ya malamulo. Ndi iyeyo amene pa 8 December 1991 adasainira limodzi ndi Boris Yeltsin wa Russia ndi Leonid Kravchuk wa Ukraine pangano lothetsa Soviet Union. Mukangoti "mtsogoleri woyamba", mayankho onse awiri adzakhala ndi poimira. Lembani udindowo momveka.

Aphunzitsi_Katoto:
Zikomo kwambiri nonse. Tikonzanso makhadi usiku uno. NyaGondwe, Vitebsk ija kalembedwe kake kachiwiri n'kotani?

NyaGondwe_Chibavi:
Viciebsk, aphunzitsi. Polotsk nayo mudzaipeza ngati Polatsk.